Kuteteza chimanga ku anankafumbwe popanda mankhwala oopsa

Mabanja a m'madera olima fodya ku Kasungu angathe kuteteza chimanga chawo ku anankafumbwe ndi makoswe popanda kuthira mankhwala oopsa.

Nkhaniyi ndi yofunika m'bomali chifukwa mankhwala opopera fodya, ngakhalenso fumbi la fodya lomwe lili ndi chikonga, ndi poizoni ndipo siziyenera kuyandikira chakudya.

Choyamba ndi kuumitsa chimanga mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti. Pofuna kutsimikiza, mlimi asakanize maso a chimanga ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chimangacho sichinaume.

Chikauma, chisungidwe m'matumba a PICS, omwe anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America. Matumbawa ali ndi mapulasitiki awiri m'kati, ndipo akamangidwa bwino tizilombo timafa posowa mpweya.

Koma thumba likabooka silithandizanso. N'chifukwa chake matumba ayenera kusanjidwa pa thandala, osagunda khoma, ndipo mauna a makoswe atsekedwe. Nyemba zochepa zingatetezedwe pozisakaniza ndi phulusa losefa.

Alangizi a zaulimi a Kasungu ADD ndi oyenera kufikitsa uthengawu kumidzi alimi asanayambe kukolola.