Kufufuza Vuto la Maindiketa pa Njinga Yamoto Yakale: Kachitidwe Kake ndi Mawu Ake

Munthu wochokera pa boma la Mulanje akafika pa Chitakale nafuna kulowa msewu wa ku Likhubula, amayenera kukhotera kudzanja lamanja, kudutsa njira ya magalimoto ochokera ku Limbe ndi ku Thyolo. Ngati ali pa njinga yamoto ndipo nyali yosonyeza kukhota siikuphethira, woyendetsa galimoto ya kumbuyo alibe chomuchenjeza. Kotero nkhani ya nyali zimenezi ndi nkhani ya moyo. Aphunzitsi a ntchito zamanja, alembi ndi akonzi a mabuku amene afuna kuifotokoza m'Chichewa ayenera kuyamba amvetsa mmene nyalizi zimagwirira ntchito, chifukwa mawu olondola amachokera pa kumvetsa chinthucho.

Njinga zake ndi nyengo yake

Njinga zimene tikunena pano ndi monga Honda CG125, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1975, Yamaha AG100 ya mu 1973, ndi Yamaha DT125, zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo anayendera m'midzi kwa zaka zambiri. Zoyambirira mwa njingazi zinali ndi magetsi a 6V, pamene zapambuyo pake zambiri zili ndi a 12V. Ku Mulanje mdani wamkulu wa magetsi otere ndi chinyontho. Boma limeneli limalandira mvula yambiri, ndipo m'nyengo yozizira kumawomba chiperoni, chimene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Madzi akalowa molumikizira mawaya, mkuwa umachita dzimbiri lobiriwira ndipo magetsi amalephera kudutsa.

Njira imene magetsi amayenda

Magetsi amachoka m'batire, nadutsa pa fyuzi ndi pa kiyi, nafika pa kachipangizo kotchedwa fulasha. Kuchokera apo amapita pa switchi ya pa chiwongolero, imene imawatumiza ku mababu awiri a kumanzere kapena awiri a kumanja. Akayatsa babu amabwerera ku batire kudzera m'felemu ya njinga kapena m'waya wake wapadera. Njira yobwererayi amakanika amaitcha earth. Njirayi ikaduka pena paliponse, nyali siiyaka.

M'kati mwa fulasha yakale muli kachitsulo kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatana. Magetsi akadutsa kamatentha, kamapindika, ndi kudula magetsiwo; kakazizira kamawongoka ndi kuwalumikizanso. Kuphethira kumachokera pamenepa, ndipo koyenera ndi kwa pakati pa 60 ndi 120 pa mphindi imodzi. Popeza kachitsuloko kamadalira kuchuluka kwa magetsi odutsapo, chilichonse chochepetsa magetsiwo chimasokoneza kaphethiridwe.

Kafufuzidwe kake

Funso loyamba ndi lakuti: ndi nyali zingati zimene zafa? Ngati zonse zinayi zafa, vuto lili pa zinthu zimene zonse zimagawana: batire, fyuzi, fulasha kapena switchi. Ngati mbali imodzi yafa, vuto lili m'switchi kapena pa waya wa mbali imeneyo. Ngati yafa nyali imodzi yokha, tiyang'ane babu lake, soketi yake ndi earth yake. Tikatero titsate ndondomeko iyi:

1. Batire. Yodzaza bwino imasonyeza pafupifupi 6.3V kapena 12.6V pa mita. Ngati nyali zikuphethira pokhapokha injini ikalira kwambiri, batire yafooka.

2. Fyuzi. Ngati yapsa, tiikepo ina yofanana nayo mphamvu. Ikapsanso nthawi yomweyo, pena pake waya wasupuka ndipo wakhudza chitsulo, zimene anthu amati shoti. Kumangapo waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi kumatha kutentha mawaya onse a njinga.

3. Mababu. Babu limodzi likapsa, magetsi odutsa pa fulasha amachepa. Pa njinga zambiri zakale babu lotsalalo limangoyaka osaphethira. Pa zina limaphethira mothamanga. Babu latsopano likhale la mphamvu yofanana ndi lakale. Babu la 12V pa njinga ya 6V limayaka mozimiririka.

4. Earth. Nyali ikamayaka mofooka, kapena ina yosayenera ikamaphethira nawo, timasule pamene nyaliyo yamangidwa, tipale dzimbiri ndi sandipepala kufikira chitsulo chiwale, timangenso ndi kupakapo girisi pang'ono.

5. Fulasha. Ngati ili ndi mawaya awiri, tiwachotse ndi kuwalumikiza okhaokha kwa kanthawi, kenaka titsegule switchi. Nyali za mbaliyo zikayaka mosaphethira, ndiye kuti njira yonse ili bwino ndipo yafa ndi fulasha.

6. Switchi ndi mawaya. Timasule switchi mosamala, pakuti muli kasipuling'i ndi kachitsulo kobulungira zimene zimatayika msanga, ndipo titsuke molumikizira mwake. Tiyang'anenso mawaya a pakhosi pa njinga, amene amapindika nthawi zonse chiwongolero chikatembenuka. Waya amatha kuduka m'kati khungu lake likuoneka labwino. Tikagwedeza chiwongolero nyali n'kuyaka ndi kuzima, vuto lili pamenepo.

Wopanda mita angagwiritse ntchito babu loyesera: babu lokhala ndi mawaya awiri, wina wogunditsa pa chitsulo cha injini, wina wogunditsa pa malo oyesedwa. Pamene babulo laleka kuyaka, magetsi athera pamenepo.

Mitundu ya mawaya

Wolemba asanene kuti waya wobiriwira ndi wa earth popanda kutchula mtundu wa njinga. Pa Honda, waya wa kumanzere ndi wa mtundu wa lalanje, wa kumanja ndi wabuluu wowala, wochokera pa fulasha ndi wotuwa, ndipo wa earth ndi wobiriwira. Pa Yamaha, wa kumanzere ndi wakhofi woderako, wa kumanja ndi wobiriwira woderako, ndipo wa earth ndi wakuda. Komatu pa Honda waya wakuda ndiye wobweretsa magetsi kuchokera pa kiyi. Wophunzira amene wazolowera Yamaha akagunditsa waya wakuda wa Honda ku felemu amapsereza fyuzi pomwepo.

Mababu a LED amadya magetsi ochepa kwambiri, moti satenthetsa kachitsulo ka fulasha yakale. Woika mababu otere ayenera kusinthanso fulasha ndi kuika yoyenerana nawo.

Za kalembedwe ka mawuwa

Mawu amene anthu anawazolowera kale tiwalembe monga amatchulidwira: waya, mawaya, babu, mababu, indiketa, maindiketa, fyuzi, shoti. Mgwirizano wake usamalidwe: timati waya waduka, babu lapsa, fyuzi yapsa. Timalemba batire ndi r chifukwa lemba limeneli latsatana ndi i, pamene fulasha timalemba ndi l chifukwa latsatana ndi u. Mphamvu ya magetsi ndi bwino kuilemba 6V kapena 12V, pakuti kulemba mavoti kungasokoneze owerenga ndi mavoti a chisankho. Mawu akuti earth asiyidwe momwemo, koma afotokozedwe poyamba kuti ndi njira yobwerera magetsi. Kuwamasulira kuti dothi kapena dziko n'kusocheretsa wophunzira.

Pomaliza, alembi asiyanitse kuyaka, kuphethira ndi kuzimiririka. Monga taonera pamwambapa, lililonse mwa mawu atatuwa limaloza vuto lakelake. Mwini njinga wa ku Limbuli kapena ku Muloza akauza makanika kuti nyali ikuyaka koma siikuphethira, makanikayo amadziwiratu kuti ayambire pa batire, babu linzake ndi fulasha, ndipo samasula mawaya onse pachabe. Kufikira nyaliyo itakonzedwa, woyendetsa azisonyeza kukhota ndi dzanja, ndipo apewe kuyenda usiku kapena m'chifunga, momwe dzanjalo silioneka.