Kamba wa wodwala wopita kutali

Mwana akamapita kukagwira ganyu kutali, mayi wake sangomutapira ufa mwachisawawa. Amayamba wafunsa kuti: "Ukatha masiku angati?" Akamva yankho ndiye amayeza ufawo, n'kuwonjezerako pang'ono poti ulendo sudziwika. Namwino wa kuchipatala cha Muloza amachitanso chimodzimodzi ndi anthu omwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga amene amadyera kunja kwa dziko lino.

Anthu oterewa ngambiri kuno. Ukangooloka mtsinje wa Muloza wafika ku Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Ena amakalima kumeneko dzinja lonse, ena amakapikula chimanga ndi nandolo n'kudzagulitsa pa Limbuli, pomwe ena amathera ku Joni kwa zaka.

Ma ARV aulere anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo poona kuchepa kwa madokotala, boma linalola anamwino ophunzitsidwa kuti aziyambitsa okha anthu mankhwalawa. Kuyambira 2019, amene akumwa mokhulupirika ndipo kachilombo kachepa m'magazi mwake amatha kulandira a miyezi 6 nthawi imodzi. Kwa wapaulendo, ameneyu ndiye kamba weniweni.

Koma namwino amayeza malinga ndi zomwe wauzidwa. Amatsegula botolo lakale, n'kuwerenga mapilitsi otsala, kumukweza munthu pa sikelo, kenako kulemba m'buku la kuchipatala tsiku lobweranso. Ukamubisira za ulendo, amalemba tsiku ngati la munthu amene ali pakhomo. Ambiri amabisa ndithu, poopa kuti akanizidwa mankhwala kapena akalipiridwa. Chonsecho akanangonena kuti, "Anesi, ndikupita ku Joni, mwina sindibwera chaka chino," akanapatsidwa kalata yosamutsira chithandizo. Kalatayo imanena mtundu wa mankhwala ndi nthawi imene unayamba, kotero namwino wa tsidya linalo sayambira pachiyambi. Ma ARV otchedwa TLD amene ambiri akumwa kuno ndi omwewonso amaperekedwa ku Mozambique ndi ku South Africa.

Pali pamene fanizo la ufa limaduka. Ufa ukachepa umatha kuphika phala m'malo mwa nsima, n'kufika nawo kumapeto kwa mwezi. Mapilitsi salola zimenezo. Kumwa lero n'kudumpha mawa kuti akhalitse kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi kupima, mpaka mankhwalawo kusiya kugwira ntchito. BP ndiye yoipitsitsa, chifukwa sipweteka: munthu amaleka kumwa akudziona wabwinobwino, mapeto ake n'kufa ziwalo ali pa ntchito kwa eni.

Ena anapeza njira yawo: m'bale amakatenga mankhwala kuno n'kupatsira dalaivala wa basi ya ku Joni. Sindingawanyoze, poti ena alibe mapepala ndipo amaopa kulowa m'chipatala cha kumeneko. Koma basi imanyamula botolo lokha. Magazi oti ayezedwe kuchuluka kwa kachilombo amafunika mwini wake, ndipo mlingo wa mankhwala a shuga sungasinthidwe pa WhatsApp popanda kubaya chala. N'chifukwa chake obwera kudzadya Khirisimasi ayenera kuyamba aonekera kwa namwino sabata yoyamba yomwe, zotsatira za magazi zituluke tikiti yobwererera isanagulidwe.