Nandolo ndi mtengo wa moto

Ine ndimati kutchipa kwa ndiwo sikuonekera pamsika pokha, kumaonekeranso pa mbaula. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira ndi nyama zasanduka za apo ndi apo m'makomo ambiri. Chonsecho nandolo, amene alimi a ku Mwanza amabzala pakati pa chimanga, wambiri amatengedwa ndi mavenda, ulendo wa ku India. Komatu imeneyi ndi ndiwo yokhutitsa, yomanga thupi mosasiyana ndi nyemba.

Ena amatsutsa kuti nandolo wouma amadya makala, ndipo sakunama: ndalama yomwe mwapulumutsa pogula imakathera pamoto. Koma vutolo lagona pa kaphikidwe. Mukamuviika usiku wonse amafewa msanga, ndipo mukamukazinga pang'ono n'kumupera kuti makoko achoke, chipere chake sichichedwa kupsa. Nsinjiro nazo zimalowa m'malo mwa mafuta. Enanso amati kuyesa maphikidwe achilendo n'kwa opeza bwino, poti mphika ukalakwika ana agona ndi njala. Zoona, n'chifukwa chake sitiyesera mphika wa banja lonse. Yambani ndi kapu imodzi, musinthe chinthu chimodzi chokha, kenaka muwerengere makala amene apita.