Za Madzi Otsekemera Osungunulira Mankhwala, ndi Kumene Dandaulo Limathera

Mlamu wanga, amene mwana wake adagona masiku atatu m'chipatala akusanza atamwa mankhwala a chifuwa ogula pamsika, adalawirira tsiku lina atamanga kabotolo ka mankhwalawo pansonga ya chitenje, kuti akadandaule kwa akuluakulu, ndipo atalipira minibasi ziwiri, nakhala pabenchi kufikira dzuwa litapendeka, kalaliki wina adamyang'ana, nayang'ananso kabotoloko, nati, "Mayi, nanga katoni yake mwaisiya kuti? Popanda nambala ife sitingachitepo kanthu." Katoniyo sadaione n'komwe, pakuti wogulitsa adachita kumthirira mankhwalawo kuchokera m'botolo lalikulu. Mwana adachira, tiyamika Mulungu, koma mayi wake adabwerera kumudzi ndi ngongole ya ulendo ndi mtima wowawa. Ndidamsungira mkwiyo kalaliki uja masabata angapo, kufikira ndidazindikira kuti, ngakhale adayankhula mouma ngati munthu amene nsima yake ikuzizira, mawu akewo adali oona.

Mankhwala ambiri a ana, monga panado wamadzi ndi a chifuwa, amayamba ali ufa wowawa umene susungunuka bwino m'madzi wamba, choncho opanga amausungunula m'madzi ena olemerera ngati uchi, otsekemera, opanda mtundu, otchedwa glycerin kapena propylene glycol, amene sapweteka munthu. Tsoka lake n'lakuti madzi amenewa ali ndi abale awo awiri, diethylene glycol ndi ethylene glycol, ofanana nawo maonekedwe ndi kukoma monga mapasa, otsikirapo mtengo, amene malo awo enieni ndi m'mafuta a mabuleki ndi m'madzi oziziritsa injini. Ndipo awa akalowa m'thupi, chiwindi chimawasandutsa asidi amene amapha impso. Akale adanena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana amayamba kusanza, kumva m'mimba ndi kutsegula, zimene mayi aliyense angaziyese malungo, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri thewera limakhala louma kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ameneyo ndi mwana wothamanga naye kuchipatala usiku womwewo, botolo lili m'manja, osamsanzitsa, osayembekeza kuti mkaka uchotsa ululuwo. Pakuti impso zikaima pamafunika makina osefa magazi, onga a ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth, amene ali kutali ndi midzi yambiri. Amakaniko amene amasunga mafuta a mabuleki m'botolo la zakumwa pansi pa benchi, ndi amayi amene amatungira madzi m'migolo ya kufakitale osadziwa chimene chidali m'menemo, amve nawo mawu awa.

Mliri umenewu ndi wakale. M'chaka cha 1937 kampani ya Massengill ya ku Tennessee, m'dziko la America, idasungunula mankhwala a sulfanilamide mu diethylene glycol, niwakometsa ndi fungo la zipatso, ndipo anthu oposa 100 adafa. Lamulo lokakamiza opanga kuti ayambe aonetsa kuti mankhwala awo sapha lidabwera chaka chotsatira, maliro atatha. M'chaka cha 2022 madokotala a ku Banjul adaona ana ang'onoang'ono akufika motsatizana impso zitaima, ndipo ana pafupifupi 70 a ku Gambia adamwalira. Pa 5 Okutobala bungwe la WHO lidachenjeza dziko lonse za mankhwala anayi a kampani ya Maiden Pharmaceuticals ya ku India, ngakhale kampaniyo ndi boma la kwawo adakana mlandu. Pofika Januwale 2023, litaphatikiza a ku Indonesia ndi a ku Uzbekistan, bungwelo lidati akufa adaposa 300, ambiri a iwo osakwana zaka zisanu.

Kwathu kuno mlonda wa pachipata ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Limalemba mankhwala m'kaundula asanagulitsidwe, limapereka ziphaso kwa oitanitsa ndi ogulitsa, limayendera mafamase, limayeza mankhwala, ndipo lili ndi mphamvu yolamula kuti oipa achotsedwe pamsika. Zonsezi n'zolembedwa bwino, ndipo sindichedwapo.

Pochedwa ndi pa pepala. Mgolo uliwonse wa glycerin umayenda ndi satifiketi yonena kuti adauyeza napeza kuti ululu uja supitirira gawo limodzi mwa magawo 1,000, ndipo m'maiko ambiri wogula amakhulupirira pepalalo, woitanitsa amakhulupirira wogula, wapadoko amaona chidindo nadindanso chake, kotero kuti mgolo ungathe kuoloka nyanja ziwiri popanda munthu mmodzi wotsegula chivindikiro. N'zimene zidaululika ku Panama m'chaka cha 2006: migolo yochokera ku China idadzera ku Barcelona, wamalonda aliyense akufufuta dzina la amene adamgulitsa kuti wogula asamlambalale, kufikira labotale ya boma lenilenilo idapanga nayo mankhwala a chifuwa nigawira anthu ake. Diso silingasiyanitse madzi amenewa, lilime silingathe, ndipo kuyeza kumene kumangofuna kudziwa ngati m'botolo muli panado wokwanira kumadutsa ululuwo osauona. Pafunika makina otchedwa gas chromatograph, okwera mtengo, ofuna magetsi osazimazima ndi katswiri wowadziwa. A ku Gambia adalibe labotale yotere, ndipo adachita kutumiza mabotolo kunja, ku Ghana ndi ku Switzerland, ana akupitirirabe kumwa. Dziko la India, litachita manyazi, lidalamula kuti kuyambira Juni 2023 mankhwala a chifuwa opita kunja aziyamba ayezedwa m'malabotale ovomerezeka ndi boma. Nzika imene ikumana ndi phungu wake ingachite bwino kumfunsa kuti mwa mankhwala amadzi olowa m'dziko chaka chino, ndi angati amene adatsegulidwa nayezedwa, popeza chiwerengero cha mapepala odindidwa sichitonthoza mayi aliyense.

Tsono nambala ija imene kalaliki adaifuna ndiyo batch number, imene ine ndimaitcha nambala ya mphika, pakuti mabotolo onse ophikidwa pamodzi tsiku limodzi amanyamula nambala imodzi. Boma likachotsa mankhwala pamsika limatchula dzina, wopanga ndi nambala imeneyi. Likafuna kudziwa ngati mwana wa ku Mchinji ndi mwana wa ku Mulanje adamwa za mumphika umodzi, limayang'ana yomweyo. Mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda dzina ali ngati mlendo wopanda mudzi, amene ngakhale atapalamula palibe mfumu yoti mukaisumire.

Wokayikira mankhwala, tsono, aleke kumwetsa, asunge botolo ndi zotsalamo, katoni ndi lisiti, napite kwa dokotala kapena wa famase yovomerezeka, nawapemphe mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti alembe fomu yofotokozera zovuta zobwera ndi mankhwala, imene imatumizidwa ku bungwe lija la ku Lilongwe. Apa ndipo pamene mwendo umazolowera njira. Fomuyo ingakhale ili m'kabati imene kiyi wake ali ndi bwana amene apita ku msonkhano kunyanja. Dokotala, amene mzere wa odwala wamfikira pamtengo wa mango panja, angakuuzeni kuti mubwere Lachinayi. Ndipo ngakhale kudandaula kulibe malipiro, minibasi, chakudya cha panjira ndi tsiku losalima zimatuluka m'thumba la wodandaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kukhale ndi umboni: lembani tsiku, dzina la amene walandira botolo, ndipo musapereke botololo musanakopere zolembedwa pamenepo, chifukwa likalowa m'kabati simudzalionanso. Yankho lingachedwe, mwina osabwera konse kwa inu, koma fomu zitatu zotchula nambala imodzi zimadzutsa ofesi imene fomu imodzi siingaigwedeze.

Nambalayo imakhala m'mbali mwa chizindikiro cha botolo kapena pakhutu la katoni, pafupi ndi tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu, kawirikawiri patsogolo pake pali zilembo B.N. kapena mawu akuti Lot, yodindidwa ndi inki yofooka imene imafufutika botolo likangodontha kawiri. Mlamu wanga masiku ano amaikopera m'kabuku ka kusikelo ka mwanayo tsiku lomwe wagula, pamodzi ndi dzina la sitolo, asanatsegule chitsekero.