Okalamba a ku Lago akuda nkhawa ndi mtendere

Okalamba a ku Metangula, Cóbuè ndi Messumba anathawapo nkhondo kawiri: ya ufulu, imene inayamba mu 1964, ndi yapachiweniweni, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ambiri anaolokera ku Likoma pa ngalawa.

Lero mitima yawo ilinso m'mwamba. Zigawenga za ku Cabo Delgado zinafika ku Mecula, m'Niassa momwe muno, mu 2021. Mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine inakweza mtengo wa mafuta a maboti ausodzi. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, anthu mazana anafa pa ziwawa.

Andale akabwera ndi malonjezo, okalambawa sakhulupiriranso msanga. Nkhawa yawo yaikulu ndi adzukulu, amene sanaonepo mmene nkhondo imayambira.