Dzina la Gloria ndi Nyimbo Zathu Zolemekeza Mulungu

Mwezi wathawu, poyendera mabanja amene anali kukonzekera ubatizo wa ana pa mlaga wathu kuno ku Nachisaka, tinapeza nyumba ina itagaŵikana chifukwa cha dzina. Bambo ndi mayi anafuna kutcha mwana wao wamkazi Gloria, koma agogo ake, mayi wokhulupirika wa Chigwirizano, anakanitsitsa. "Aphunzitsi," anatero iwo, "limeneli ndi dzina la Aroma. Ife amene Uthenga unatifika kudzera ku Mvera tipita nalo bwanji kwa abusa?" Titafunsa makolowo tanthauzo lake, anangoyang'anana. Analikonda chifukwa limamveka bwino m'khutu, basi.

Agogowo anali ndi mfundo. Gloria ndi liu la Chilatini, chinenero cha Aroma akale, ndipo maina onga Felix, Clara ndi Benedicto anafala m'dziko muno makamaka mwa abale athu Akatolika, amene Misa yao inali m'Chilatini kufikira msonkhano wao waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965. Koma liuli ndi lakale kuposa kugaŵikana kwa mipingo, ndipo tanthauzo lake ndi ulemerero. M'Baibulo la Chilatini limene Jerome analikonza chapafupi ndi chaka cha 400, liu limeneli ndilo likutsegula nyimbo imene angelo anaimba kubusa ku Betelehemu, pa Luka 2:14. Tsegulani Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922, ndipo mudzapeza ulemerero pamalo omwewo. Akristu akale anaonjezera mau pa nyimbo ya angeloyo, poyamba m'Chigriki, namaiimba m'mapemphero a m'mamaŵa; mpaka lero imadziŵika ndi dzina lakuti Gloria.

Makolo athu m'chikhulupiriro, amene anakonzanso mpingo, sanalitaye liuli. Chimodzi mwa ziphunzitso zao zazikulu timachitchula m'Chilatini kuti Soli Deo Gloria, ndiko kuti ulemerero ngwa Mulungu yekha. Katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, Johann Sebastian Bach, amene anamwalira m'chaka cha 1750, ankalemba zilembo S.D.G. kumapeto kwa nyimbo zake zambiri. Chimene iwo anakana ndicho kuimbira anthu m'chinenero chimene sakuchimva. Nchifukwa chake ku Geneva, m'masiku a John Calvin, masalmo onse 150 anasindikizidwa m'Chifalansa m'chaka cha 1562 kuti mpingo wonse uziimba. Mwambo womwewo anabwera nao A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok pofika ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo ndi umene watipatsa buku la Nyimbo za Mulungu m'chinenero chathu.

Ife aphunzitsi timaziona izi m'maŵa uliwonse poitana maina m'kalasi: Tamandani, Yamikani, Gloria, Lemekezani, Mayamiko. Kaundulayo amamveka ngati nyimbo. Makolo akale sankatcha dzina pachabe. Mavuto ndi Masiye ankasenza mbiri ya pakhomo pao. Nanga ife titcherenji mwana dzina limene sitingathe kumlongosolera akadzafunsa? Ndipo achinyamata a m'kwaya, tikulankhula nanunso. Mau muli nao okoma, koma kaŵirikaŵiri mumameza mau a nyimbo pothamangira kuomberedwa m'manja, kotero kuti agogo okhala kumbuyo amangomva ng'oma. Pamenepo ulemerero wapita kwa yani?

Zonsezi tinazikamba pakhonde paja mpaka dzuŵa linapendeka. Agogo anatuma mdzukulu wina kukatenga Buku lao, naŵerenga okha ndimeyo pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Atatha anati, "Chabwino, aphunzitsi, abusa alembe Gloria. Koma pakhomo pano ine ndizimuitana Ulemerero." Pa Sabata la ubatizo, mwanayo akubwezedwa m'manja mwa amake, anayambitsa nyimbo ndi agogo omwewo.