INJINI YA MAGETSI YA BWATO IKAFOOKA

Ena a inu alimi okhala m'mbali mwa Zambezi ndi Kafue, amene mulima m'dzinja ndi kupha nsomba m'cilimwe, muli ndi kainjini ka magetsi komangirira kumbuyo kwa bwato. Injini yotere anayamba kuipanga O. G. Schmidt ku Fargo, m'dziko la Amereka, m'caka ca 1934. Ubwino wace ndi wakuti siifuna petulo, ndiponso siicita phokoso loingitsa nsomba. Koma ikafooka muli pakati pa madzi, mphepo itauka ndi mvuu zili pafupi, mungataye nsomba, bwato, ngakhale moyo umene. Musafulumire kunena kuti yafa, pakuti kawirikawiri cirema cili pamene mungakonze ndi manja anu.

YAMBANI NDI BATIRE

Pimani batire ndi mita ya magetsi litapumula maora angapo. Batire la mavolti 12 likadzala lionetsa 12.6. Likaonetsa 12.2 yatsala mphamvu ya theka, ndipo pa 12.0 lili pafupi kutha. Mutalichaja, pimaninso injini ilikuyenda m'madzi. Likatsika msanga kufika pansi pa 10.5, batirelo lakalamba.

Batire la galimoto analipangira kulizira injini kanthawi kocepa; mukalitsitsa mphamvu tsiku ndi tsiku lidzafa msanga. Gulani lolembedwa kuti Deep Cycle, ndipo mulichaje tsiku lomwelo mukabwera ku madzi. M'miyezi ya December, January ndi February, pamene Boma liletsa usodzi m'mitsinje yambiri ndipo inu muli kumunda, lichajeni kamodzi pa mwezi, cifukwa batire logonekedwa lopanda mphamvu lionongeka. Ngati lili ndi zitsekerero, thiranimo madzi a batire ogula, osati a pacitsime. Asidi wace aocha, ndipo mpweya woturuka pochaja uyaka. Musasute fodya pafupi.

ONANI MAWAYA

Injini yokankha mapaundi 55 ikoka maampu pafupifupi 50 ikathamanga kwambiri. Magetsi otere sangapite bwino m'waya waung'ono wa m'nyumba kapena pa mfundo yomanga ndi manja. Yendetsani injini pang'ono, muizime, tsono mukhudze mawaya ndi polumikizira ponse. Pamene patentha ndi pomwe mphamvu itayikira. Ufa woyera kapena wobiriwira wa pa mitu ya batire muutsuke ndi madzi osakaniza soda wophikira, mupale ndi sandipepa kufikira citsulo ciwale, ndipo mumangitse zolimba. Mukafuna kutalikitsa waya, gulani wokulirapo kuposa umene unadza ndi injini.

MASULANI PROPELA

Poyamba cotsani waya ku batire, kuti zala zanu zingadulidwe. Masulani nati, muzule propela. Kumbuyo kwace mudzapeza udzu wa m'madzi, ulusi wa ukonde kapena cingwe ca mbedza zitakulunga mtengo wa citsulo. Zimenezi zilemetsa injini, ndipo ulusi udula kamphira kotsekereza madzi, madzi nalowa m'kati. Cotsani zonse. Onaninso kamsomali kopingasa kamene kazungulitsa propela; kakathyoka, injini ilira bwino koma bwato siliyenda. Sungani kena m'thumba. Pobwezera injini m'madzi, propela imire masentimita 30, cifukwa ikakhala pamwamba ingomenya thovu.

PIMANI KATUNDU

Mapaundi 100 ali onse a bwato, anthu ndi katundu afuna mapaundi 2 a mphamvu yokankha. Cotero injini ya mapaundi 30 iyenera bwato losapitirira mapaundi 1,500, ndiwo makilogalamu 680. Mukaonjeza matumba a cimanga ndi ukonde wonyowa, kapena mukalimbana ndi madzi othamanga, injini yabwinobwino idzaoneka ngati yodwala.

ZOYENERA MMISIRI

Mukamva fungo la copserera, kapena propela ikakukuta poizungulitsa ndi dzanja, kapena liwiro lina likagwira nchito lina ai, cirema cili m'kati. Mwina timakala tokhudza pa mkuwa tatha, mwina madzi analowa. Musaitsegule pa mcenga. Pitani nayo kwa mmisiri wa magetsi, mumuuze zimene mwapima kale, kuti asakugulitseni zosafunika.

Ndipo ngakhale injini ikhale yatsopano, musacoke padooko opanda nkhafi ziwiri m'bwato.